Ng'ombe ya Agogo ndi Mitundu Yake

Mawanga

Agogo ali ndi ng'ombe. Dzina lake ndi Mawanga. Mawanga ndi wofiirira. Ali ndi banga loyera pamphumi, lina pamimba, lina kumcira. Khutu lake lakumanzere ndi long'ambika pang'ono.

Mudzi wa agogo uli m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Kumeneko anthu amalima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Amawetanso ng'ombe. Mawanga wakoka ngolo ya agogo zaka 9. Wanyamula cimanga kucokera kumunda. Wanyamula nkhuni ndi njerwa. Usiku umene mdzukulu wa agogo anabadwa, Mawanga ndi mnzake ndiwo anakoka ngolo yopita ndi amayi kucipatala.

Mdzukuluyo ndi mnyamata wa zaka 7. Ali m'kalasi yoyamba. Akaweruka kusukulu amapita ndi ng'ombe kudambo. Kumeneko amaumba ng'ombe za dongo ndi anzake.

Tsopano Mawanga wakalamba. Nyumba ya agogo nayo inadontha dzinja lonse. Tsiku lina agogo anati: "Mawanga agulitsidwe, tigule malata." Wogula ananena kuti adzabwera Loweruka. Mnyamata atamva zimenezi sanadye nsima.

Lolemba

Acemwali ake a mnyamata amaphunzira mumzinda wa Tete. Amaphunzira kujambula ndi kuumba zinthu pa kompyuta. Anabwera kumudzi pa chuthi, atanyamula kompyuta yawo m'cikwama.

Acemwali anaona kuti mlongo wawo sakuseka. Anamuitana nati: "Iwe, bwera kuno. Tiumbe Mawanga."

"Dongo lili kudambo, acemwali," anayankha mnyamata.

"Dongo langa lili muno," anatero acemwali, natsegula kompyuta.

Pa galasi la kompyuta panaoneka mpira wotuwa. Acemwali anaukoka, ndipo panatuluka khosi. Anaukokanso, panatuluka miyendo inayi. Anakankha apa, natsina apo, nasalaza apo. Anaika nyanga, linunda ndi mcira. Zonse zinali monga momwe ana amacitira kudambo. Koma m'manja mwa acemwali munalibe matope. Ndipo mwendo ukapindika molakwa, ankangobweza m'mbuyo n'kuyambanso.

Pulogalamu imene acemwali amaumbira imachedwa Blender. Anaiyambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Kuyambira caka ca 2002 munthu aliyense angathe kuitenga osalipira ndalama. Anthu amene amapanga mafilimu a zidole ndi masewera a pa kompyuta amaumba zinthu zawo mwa njira yomweyi.

Dzuwa polowa, ng'ombe inali itatha kuumbidwa. Acemwali anaitembenuza. Mnyamata anaona kumutu, kumbuyo, ngakhale kunsi kwa mimba. Koma ng'ombeyo inali yotuwa ngati phulusa.

Agogo anayang'ana nati: "Thupi ndi lomwelo. Koma Mawanga wanga sanagone paphulusa."

Laciwiri

M'mawa acemwali anayamba kupaka utoto. Poyamba kompyuta inatambasula khungu la ng'ombe youmbidwa ija. Inaliyala lonse poyera, mutu pawokha, miyendo payokha. Utoto umene wapakidwa pa khungu loyalalo umaonekanso pa thupi la ng'ombe, pamalo pake penipeni.

"Zikukhala ngati cikopa coyanika padzuwa," anatero mnyamata.

"Usachule za cikopa Mawanga akadali moyo," anatero agogo. "Unene kuti ngati kapulana ya amako pacingwe."

Acemwali sanapite kukhola. Anati mtundu wa Mawanga akuudziwa kale. Anasankha utoto wofiira, napaka msana wonse ndi nthiti. Kenaka anaitana agogo.

Agogo anaseka. "Mdzukulu wanga, imeneyi ndi njerwa yooca. Si ng'ombe ayi."

Mnyamata anathamangira kukhola, nabwerako. "Zoona, acemwali. Mawanga sanafiire conco."

Mutu wa munthu sukumbukira mitundu bwinobwino. Umakumbukira kuti udzu ndi wobiriwira kwambiri, ndi kuti ng'ombe ndi yofiira kwambiri, kuposa momwe zilili. Ndiye cifukwa cake wopaka utoto amayang'ana cinthu ceniceni, osati ca m'mutu.

Pamenepo acemwali anati: "Ndikuonetse cinthu." Anadontheza kadontho kamodzi ka madzi pa galasi la foni yawo, pamalo poyera. Kadontho kamodzi kokha, cifukwa madzi ambiri amaononga foni. Mnyamata anayandikira. M'kadonthomo anaona timadontho tating'onoting'ono towala. Tina tinali tofiira, tina tobiriwira, tina tabuluu.

"Koma pamenepa ndi poyera!" anadabwa mnyamata.

"Inde. Timeneti ndi tinyali," anatero acemwali. "Galasi lonse ladzaza ndi tinyali ta mitundu itatu yokha. Tonse titatu tikayaka, diso limaona zoyera. Tonse tikazima, limaona zakuda."

Kanyali kalikonse kali ndi nambala yake, kuyambira 0 mpaka 255. Nambala 0 ndiye kuti kanyali kazima. Nambala 255 ndiye kuti kayaka ndi mphamvu zake zonse. Ana a kalasi yoyamba sanafike powerenga mpaka 255, koma angathe kudziwa kuti ndi nambala yaikulu kuposa 100.

Conco mtundu uliwonse pa kompyuta uli ndi manambala atatu. Yoyamba ndi ya kufiira. Yaciwiri ndi ya kubiriwira. Yacitatu ndi ya buluu.

Kufiira kwenikweni ndi 255, 0, 0.
Cikasu ndi 255, 255, 0.
Kuyera ndi 255, 255, 255.
Kuda ndi 0, 0, 0.

Manambala atatuwo akafanana, monga 120, 120, 120, mtundu umakhala wotuwa. Posinthasintha manambalawa, kompyuta ingathe kuonetsa mitundu yoposa mamiliyoni 16.

Mnyamata anayang'ana pa cikasu. "Kufiira ndi kubiriwira zipanga cikasu? Kusukulu tinasakaniza utoto wofiira ndi wobiriwira, ndipo tinapeza mtundu wa matope."

Mnyamata sananame. Utoto wa m'citini ndi wina, kuwala ndi kwina. Munthu akasakaniza utoto wa mitundu yambiri, umanka nuda. Akaphatikiza kuwala kwa mitundu yambiri, kumanka nikuyera. Utoto wa pa kompyuta ndi kuwala.

"Tsono manambala a Mawanga ndi ati?" anafunsa mnyamata.

"Amenewo ndiwo tikufuna," anatero acemwali.

Lacitatu

Tsiku limeneli acemwali anathandiza amayi kutonola cimanga. Kompyuta inali kugolosale, kumene kuli sola, kuti batire lidzaze. Anapita kukhola madzulo, dzuwa lili pafupi kulowa. Anajambula Mawanga ndi foni. Cithunzi cinali cokongola ndithu.

Anaika cithunzico m'kompyuta. M'pulogalamu muli kacida kotapira mtundu. Munthu akakhudza nako pa cithunzi, kamatapa mtundu wa pamalopo ndi kuchula manambala ake. Acemwali anatapa mtundu wa panthiti, napaka ng'ombe yonse.

Agogo anapukusa mutu. "Dzulo inali njerwa. Lero ndi dzungu."

Acemwali anakhumudwa. "Agogo, mtundu umenewu ndautenga pa cithunzi ca Mawanga yemweyo."

Mnyamata anali cete, akuyang'anitsitsa cithunzi. Kenaka analoza ndi cala. "Acemwali, taonani pamphumi. Banga loyera lija lasanduka lacikasu."

Acemwali anakhudza bangalo ndi kacida kaja. Manambala anatuluka 250, 205, 150. Sanafanane ayi. Kufiira kunali kwambiri, buluu anali wocepa.

"Wapeza wakuba," anatero acemwali. "Ndi dzuwa la madzulo. Lapaka utoto wake pa Mawanga."

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri m'kati mwake. Utawaleza umaonetsa zimenezi mvula ikagwa. Isaac Newton wa ku England anaonetsanso zomwezo ca m'ma 1666. Analowetsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, ndipo kunatuluka mitundu ya utawaleza pakhoma. Masana mitundu yonseyi imafika pansi pamodzi, ndipo kuwala kumaoneka koyera. Madzulo dzuwa limakhala pansi. Kuwala kwake kumayenda ulendo wautali mumpweya ndi m'fumbi. Buluu wambiri amamwazikira m'njira, ndipo kumene kumafika ndi kofiirira. Ciliconse cimene kwagwera cimafiirira: khoma, nkhope ya munthu, ng'ombe.

Nyali ya parafini imacita cimodzimodzi. Nsalu imene amayi agula masana pamsika imaoneka ina usiku pa nyali.

Lacinayi

"Lero tithawe dzuwa," anatero acemwali. Anamangirira Mawanga patsinde pa mtengo wa mango, namujambula mumthunzi.

Cithunzi cimeneci cinavutanso. Dzuwa linkadutsa pakati pa masamba, ndipo Mawanga anaoneka ngati ali ndi mawanga 100. Kumimba kunada bii. Msana unabiriwira pang'ono cifukwa ca masamba.

Acemwali anayesabe kutapa mtundu pamsana. Manambala anatuluka 20, 22, 18. Umenewu ndi mtundu wakuda. Anakulitsa cithunzi kuti aone bwino. Pamalo pamene anakhudzapo panatera nchenche!

Mnyamata anaseka mpaka kugwa pansi. Aka kanali koyamba kuseka sabata imeneyo.

Nchenche inaphunzitsa acemwali kanthu. Kadontho kamodzi sikanena za ng'ombe yonse. Pangakhale nchenche, fumbi, kapena ubweya wonyezimira. Wotapa mtundu amatapa malo okulirapo, kapena malo angapo oyandikana, n'kutenga mtundu wa pakati.

Masiku anali kutha. Kunatsala tsiku limodzi lokha.

Usiku, akuotha moto, amayi anafunsa kuti bwanji osangoyerekeza ndi maso. Acemwali anatenga pepala lotuwa la paketi ya sopo, naling'amba pakati. Cidutswa cimodzi anaciika pa mbale yoyera. Cina anaciika pa nsalu yakuda.

"Amayi, cowala ndi citi?"

"Ico ca pa nsalu yakuda," anayankha amayi.

Acemwali anaika zidutswa ziwirizo pamodzi. Zinali zofanana. Amayi anagwira pakamwa.

Diso silimaona mtundu pawokha. Limauona pamodzi ndi anzake oyandikana nawo. Cinthu cotuwa cimaoneka cowala pafupi ndi cakuda, ndipo cimaoneka cakuda pafupi ndi coyera. M'diso la munthu muli timaselo ta mitundu itatu tozindikira mitundu. Ng'ombe ili ndi mitundu iwiri yokha ya timaseloti, conco siisiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Mawanga mwiniwake sakanatha kuthandiza pa mlandu wa mtundu wake.

Lacisanu

Kunaca ndi mitambo. Kunkazizira, monga kumacitira ku Angónia mwezi wa Juni. Amayi anadandaula kuti ufa suuma. Koma acemwali anakondwa. Anadzutsa mlongo wawo nati: "Fulumira. Tenga kope lako."

Mitambo ikaphimba dzuwa, kuwala kumacokera mbali zonse mofanana. Sipakhala mthunzi wakuda. Sipakhala malo onyezimira. Opaka utoto pa kompyuta amakonda tsiku lotere.

Anatulutsa Mawanga m'khola, namuimika pabwalo, kutali ndi mitengo ndi khoma la njerwa. Agogo anamupukuta fumbi ndi ciguduli. Mnyamata anatsegula kope pa tsamba losalembapo, naligwira pafupi ndi nthiti za Mawanga. Acemwali anajambula kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa cithunzi ciliconse pepala loyera linaonekapo.

"Pepalali ndi la ciyani, acemwali?"

"Ndi mboni yathu. Tikudziwa kale kuti ndi loyera. Likaoneka lacikasu pa cithunzi, ndiye kuti cithunzi conse canama. Tikonza mpaka pepala liyere, ndipo Mawanga nayenso akhala bwino."

Banga la pamphumi silikanakwanira nchito imeneyi. Ubweya woyera wa ng'ombe suyera ngati pepala. Umakhala ndi kacikasu pang'ono.

Anthu ojambula zithunzi ndi mafilimu amacita zomwezi. Ena amaika khadi lotuwa pafupi ndi cinthu cimene akujambula. Ena amaika kabolodi kochedwa ColorChecker, kamene kanayamba kupangidwa mu 1976. Kabolodiko kali ndi timabwalo ta ngodya zinayi 24, ndipo manambala a mtundu wa kalikonse ndi odziwika kale. Acemwali analibe kabolodi kotere. Anali ndi kope la mlongo wawo.

Atabwerera m'nyumba, anayamba kutapa pa pepala. Manambala anatuluka 228, 234, 244. Buluu anacuruka pang'ono, cifukwa kuwala kwa tsiku la mitambo kumapendekera ku buluu. Acemwali anakonza cithunzi pang'onopang'ono. Anatapanso. Tsopano manambala anali 235, 235, 235.

"Afanana!" anafuula mnyamata.

Pamenepo ndi pamene anatapa mtundu wa Mawanga. Panthiti panatuluka 138, 82, 50. Mnyamata analemba manambalawo m'kope ndi lapisi, acemwali akumuthandiza.

Koma ng'ombe siikhala ndi mtundu umodzi. Acemwali anatapa pamsana, napeza kufiirira kodera. Anatapa m'munsi mwa nthiti, napeza kufiirira kowala. Anatapa pabanga loyera, pamphuno, panyanga, paziboda ndi pa ubweya wa kumcira. Mitundu yonse inakwana 8. Anaiika m'mbali mwa galasi m'timadontho, monga amayi amaikira ndiwo m'timbale. Popaka ankangotenga pamenepo, osasankhanso ndi maso.

Anayamba ndi mtundu waukulu wa panthiti, napaka thupi lonse. Pamwamba pake anapaka wodera kumsana ndi wowala kumimba. Pamene mitundu iwiri yakumana anasalaza kuti pasaoneke mzere. Mawanga oyera anapaka pomaliza, akuyang'ana cithunzi kuti lililonse likhale pamalo pake.

Mnyamata anati: "Kunsi kwa mimba ndi kwakuda pa cithunzi. Pakani wakuda."

"Ayi," anatero acemwali. "Umenewo ndi mthunzi, si ubweya. Pita ukasuzumire."

Mnyamata anapita kukhola, nagwada, nasuzumira. Kunsi kwa mimba kunali koyera.

M'pulogalamu muli nyali yakeyake, imene imaunikira cinthu coumbidwa. Nyaliyo ndiyo imapanga mthunzi. Munthu akapaka mthunzi ndi utoto, nyali imaikanso mthunzi wina pamwamba, ndipo mimba imada kawiri. Conco wopaka amapaka mtundu wa ubweya wokha. Acemwali anaonetsetsanso kuti nyali ya m'pulogalamuyo ndi yoyera, kuti isacite zimene linacita dzuwa la madzulo.

Masana atapendeka, acemwali ananyamula kompyuta kupita nayo kukhola. Anaima mumthunzi wa nkhokwe kuti galasi lioneke bwino. Anaitana agogo.

Agogo anayang'ana Mawanga. Anayang'ana pa galasi. Anayang'ananso Mawanga. Anatenga nthawi osayankhula.

"Mtundu ndi womwewo," anatero. "Koma mwaiwala cinthu cimodzi."

Anagwira khosi la Mawanga, kutsogolo kwa linunda. Pamenepo ubweya unatha kalekale. Khungu linali lolimba, lotuwa modera. Ndi pamene pankakhala goli zaka zonse 9.

"Ndinaona ngati ndi litsiro, agogo, ndiye ndinasiya," anatero acemwali.

"Si litsiro, mdzukulu wanga. Cimanga conse cimene mwadya cinadutsa pamenepa."

Acemwali anajambula khosilo, pepala lili pambali. Anatapa mtundu wacisanu ndi cinayi, naupaka pakhosi pa ng'ombe ya m'kompyuta. Agogo anapempha kuti aitembenuze. Anaona khutu long'ambika, banga la kumcira ndi cipsera ca goli.

"Ameneyu ndiye Mawanga," anatero agogo.

Usiku acemwali anatumiza cithunzi ca ng'ombeyo pa foni ya amayi. Pa foniyo Mawanga anaoneka wacikasu. Mnyamata anada nkhawa kuti nchito yaonongeka. Acemwali anamuonetsa manambala. Anali omwe aja: 138, 82, 50. Foni ya amayi inali itachedwa kuti usiku izicepetsa buluu, poteteza maso. Atazimitsa zimenezo, mtundu unabwerera. Magalasi a mafoni ndi a makompyuta saonetsa mitundu mofanana ndendende. Ena amawala kwambiri, ena pang'ono.

Loweruka

Wogula anabwera m'mawa ndi cingwe cake. Agogo anaperekeza Mawanga mpaka pamsewu. Mnyamata anaperekeza mpaka pamlatho.

Acemwali analonjeza kuti akasindikiza cithunzi ku Ulongwe, cikhale pakhoma m'nyumba ya malata. Anati ayamba asindikiza kacidutswa kakang'ono kuti aone mtundu. Pepala siliwala ngati galasi, ndipo makina osindikizira amasakaniza inki ya mitundu inayi, osati tinyali titatu. Kawirikawiri cithunzi ca papepala cimatuluka coderako.

Masana mnyamata anapita kudambo. Anaumba ng'ombe ya dongo, naing'amba khutu lakumanzere. Itauma anasungunula katondo m'cigoba, napaka kadontho pa phale. Kadonthoko kanali kodera kwambiri. Anafuna kuthira phulusa kuti kawale, koma acemwali anati adikire. Katauma kanawala kokha. Dothi lonyowa limaoneka lakuda kuposa louma.

Anapaka thupi lonse ndi katondo. Mawanga anapaka ndi phulusa loyera. Pakhosi anapaka makala osakaniza ndi phulusa. Kenaka anaimika ng'ombe ya dongo pafupi ndi kompyuta, naitana agogo kuti adzaweruze.

Mawu a m'Cinyanja ndi a m'Cipwitikizi

mtundu: cor
utoto: tinta
kuwala: luz
mthunzi: sombra
cofiira: vermelho
cacikasu: amarelo
cobiriwira: verde
cabuluu: azul
coyera: branco
cakuda: preto
cotuwa: cinzento
cofiirira ngati Mawanga: castanho

Akuluakulu ena amati masamba ndi obiriwira, ndipo thambo nalonso ndi lobiriwira. Sakulakwa. M'Cinyanja mawu amodziwa amagwira konsekonse. M'Cipwitikizi masamba ndi verde, thambo ndi azul. Pa phunziro lino mtundu wa thambo wachedwa buluu kuti ana asasokoneze.

Mafunso

Ana ayankhe pakamwa.

1. Kodi agogo anagulitsa Mawanga cifukwa ciyani?
2. Ndi mitundu itatu iti imene mnyamata anaona m'kadontho ka madzi?
3. N'ciyani cinasandutsa banga loyera kukhala lacikasu?
4. Mnyamata anagwira pepala loyera pafupi ndi Mawanga. Pepalalo linathandiza bwanji?
5. Agogo anati acemwali aiwala ciyani?

Mbendera ya Mozambique ili ndi mitundu isanu. Ana aichule yonse m'Cinyanja, kenaka m'Cipwitikizi.

Nchito ya kunyumba

Nchito iyi ndi ya mwana pamodzi ndi makolo kapena abale ake. Siifuna kompyuta.

Mwana asankhe cinthu cimodzi ca pakhomo: nkhuku, mtsuko, dzungu kapena kapulana. Aciyang'ane katatu tsiku limodzi, m'mawa, masana ndi dzuwa polowa. Ngati cinthuco cingalowe m'nyumba, aciyang'anenso usiku pa nyali. Nthawi iliyonse aike pepala loyera pambali pake, ndipo anene ngati pepalalo layera, lafiirira kapena latuwa.

Tsiku lotsatira mwana aumbe cinthuco ndi dongo. Makolo amuthandize kupeza katondo, makala osinja, phulusa ndi masamba ofinya. Asanapake pa coumba cake, ayambe wapaka kadontho pa phale kapena papepala, adikire kaume, kenaka akaike pafupi ndi cinthu ceniceni mumthunzi. Kakada, awonjezere phulusa. Kakawala, awonjezere makala pang'ono. Awerenge kuti wayesa kangati mtundu usanafanane, ndipo nambalayo akauze aphunzitsi Lolemba.